Fumbi la Pagalasi la Kumbuyo kwa Galimoto

Aliyense amene anakwerapo ambulansi kapena galimoto ya matola m'nyengo ya chilimwe anaonapo chinthu chodabwitsa ichi. Galimoto imathamangira kutsogolo ndipo fumbi limatsala m'mbuyo, komabe pofika kuchipatala galasi la kumbuyo ndilo limakhala litafiira, pamene la kutsogolo likadali loyera. Izi zimachitika makamaka pa galimoto zimene kumbuyo kwake n'kodulidwa choimirira ngati bokosi, monga Land Cruiser, minibasi, Toyota Probox ndi Sienta, ndiponso Peugeot 504 yaitali ija imene inkanyamula anthu m'maiko ambiri a mu Africa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Zazing'ono za maonekedwe otere m'Chingerezi amazitcha station wagon.

Kuti timvetse chimene chimachitika, tiyeni tiganizire mwala waukulu umene uli pakati pa mtsinje. Madzi akafika pamwalapo amagaŵikana nadutsa uku ndi uku, koma kuseri kwa mwala amangozungulira, ndipo pamenepo ndi pamene pamasonkhana thovu ndi zinyalala. Mphepo imachitanso chimodzimodzi. Imayenda pamwamba pa denga la galimoto, ndipo ikafika pamene denga lathera imalephera kukhota mwadzidzidzi kuti itsike. Motero kuseri kwa galimoto kumatsala malo amene mpweya wake ndi wopepuka, ndipo maloŵa amakoka chilichonse chapafupi. Fumbi limene matayala akumbuyo autsa limakwera, limabwerera, nilimata pagalasi. Nthaŵi ya dzinja, m'malo mwa fumbi pamamata matope.

Okonza galimoto anayesa njira zingapo zothetsera vutoli. Ku America, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ma station wagon ambiri ankakhala ndi kachitsulo kopindika kumapeto kwa denga. Pakati pa kachitsuloko ndi denga pankakhala mpata, kotero kuti kankatunga mphepo yoyera ya pamwamba ndi kuitsitsira pagalasi ngati tsache. Kachipangizo kameneka kamathandizadi, ngakhale kuti kamaonjezera pang'ono mafuta amene galimoto imamwa. Tisakasokoneze ndi mapiko aja amene anyamata amakonda kumangirira pagalimoto zao. Mapiko anapangidwira galimoto za mpikisano, kuti mphepo iziipanikiza pansi. Mphamvu ya mphepo imakula kanayi liŵiro likaŵirikizidwa kaŵiri, choncho phiko limene ligwira ntchito pa makilomita 200 pa ola limangotsala ndi gaŵo limodzi mwa magaŵo 16 a mphamvu yake pa makilomita 50. Pamsewu wa kumudzi phiko lotere n'chokongoletsera chabe, ndipo ndalama zake zikanagula mphira watsopano wa waipa.

Masiku ano galimoto zambiri zotere zimadalira waipa ya kumbuyo ndi kabotolo ka madzi. Waipa isayendetsedwe pagalasi louma, chifukwa m'fumbi muli mchenga umene umakanda galasi, ndipo usiku nyali za galimoto za m'mbuyo zimathobwa m'maso kudzera m'zipsera zimenezo. Woyendetsa amene galasi lake latsekeka ndi fumbi saona mwana amene waima kumbuyo pamene akubweza galimoto pabwalo la chipatala kapena pamsika.

Koma pali chinthu china choopsa kuposa fumbi. Paipi ya utsi imatulukira kumbuyo komweko, m'malo okoka aja. Chitseko cha kumbuyo chikakhala chotsegula, utsi umaloŵa m'galimoto monga momwe fumbi limabwerera pagalasi. Kaŵirikaŵiri timaona galimoto zitadzaza matumba a chimanga, chitseko chitamangidwa ndi chingwe pakutha kulephera kutsekeka, anthu atakhala pamwamba pa katundu. Anthu ameneŵa amapuma utsi ulendo wonse.

Mu utsi wa injini, makamaka ya petulo, muli mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka ndipo sununkha. Ukaloŵa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu yoposa ka 200 poyerekeza ndi okosijeni, motero magazi amalephera kufikitsa mpweya wabwino ku ubongo ndi ku mtima. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka amasinza, ndipo utsi ukachuluka amakomoka mpaka kufa kumene. Ana aang'ono, amayi apakati, okalamba ndi odwala kuchepa kwa magazi ndiwo amagwidwa msanga. Tsoka lake n'lakuti ameneŵa ndiwo amapita kuchipatala kaŵirikaŵiri, ndipo ana ndiwo timakonda kuwaika kumbuyo kwenikweni poti ndi ochepa thupi. Mwana akagona tulo pamenepo, makolo amangoti watopa ndi ulendo.

Ena amaganiza kuti kutsegula mazenera a m'mbali kumachotsa vutoli. Sichoncho nthaŵi zonse. Mphepo yodutsa pazenera lotsegula imakoka mpweya wa m'kati, ndipo ngati kumbuyo kuli mpata, utsi umaloŵa kudzatenga malo ake. Chofunika n'chakuti chitseko cha kumbuyo chitsekedwe bwino, mphira wa m'mphepete mwake akhale wosang'ambika, ndipo paipi ya utsi ikabooka iotcheredwe msanga. Ngati m'kati mwa galimoto, chakumbuyo, mumadzaza fumbi chitseko chili chitsekere, dziŵani kuti pamene fumbilo likuloŵera utsi ukuloŵeranso pomwepo. Woyendetsa akayatsa fani yokoka mpweya wa panja kutsogolo, m'kati mumadzaza mpweya woyera ndipo fumbi ndi utsi zimavutika kuloŵa.

Anthu angapo m'galimoto imodzi akayamba kudandaula mutu nthaŵi imodzi, kapena mwana akavuta kudzutsa, uzani woyendetsa kuti aime ndi kuzimitsa injini, ndipo onse atuluke kumphepo. Amene wakomoka agonekedwe chammbali ndipo atengeredwe msanga kuchipatala, kumene angapatsidwe okosijeni. Pofika kumeneko fotokozani kuti wodwalayo anakhala kumbuyo kwa galimoto yotsegula chitseko, popeza zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za malungo.