"Anipasa Panadol chabe!" Nanga munali kufuna chani?

Mwauka mutu uwawa, thupi lonse monga akumenyani usiku. Mwaima pa line ku kiliniki kuchokera 06 hours, apima malaria, palibe. Ba clinical officer ati ni chimfine: Panadol, madzi ambiri, kagoneni. Mufika mu komboni mwakalipa: "Sananilase na nyeleti!"

Tiyeni tikambe zoona. Chimfine chibwera na virus, ndipo antibayotiki, ya kumwa kapena ya nyeleti, siipha virus. Koma chifukwa imwe mudzimva odwala maningi, tumapilisi tuja tuoneka monga chipongwe.

Manje onani amalume anu. Anaperekeza chabe mwana, ba nurse nkuwapima BP: 160/100. Anawauza kuti abwerenso. Iwo ati, "Ine nili che bwino, nikali kunyamula matumba a simenti." Kiliniki anaitamanda, ati ba nurse ni aulemu, koma sanabwerereko. BP kambiri siwawa, ndiye kuipa kwake. Ena amaidziwa stroko itawagwetsa kale.

Mankhwala akasowa, dandaulani ndithu, maka-maka imwe amene NHIMA ikudulani 1% pa salary. Koma musanatuluke mu room muja, funsani: "Mwapeza chani? Nanga nibwerenso liti?"