THALAKITALA KAPENA KHASU? Ndalama zanga za mumsika zidathera m'munda wa amayi ku Michesi

Anzanga a mumsika, inu amene mwezi wa Okutobala ukangokwana foni yanu siipuma, nkhani iyi ndi yanu. Mukudziwa kale mawu ake: "Mwanawe, anzako ayamba kale kugalauza, ife kuno tikungoyang'ana kumwamba." Ukamva choncho umadziwa kuti mpamba wa bizinesi uli pamoto.

Ine ndimagulitsa nyemba ndi nandolo mumsika wa Limbe, koma kwathu ndi ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, kufupi ndi Migowi. Amayi anga akalamba, msana suwalolanso kugwira khasu tsiku lonse. Chaka cha 2024, chaka chija mvula idadula chifukwa cha El Niño mpaka pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala, ndidalumbira kuti ulimi wotsatirawo ndiuyendetsa ngati bizinesi. Ndidagula kope la K500 n'kumalembamo tambala iliyonse yopita kumunda. Zimene ndikuuzeni pano zachokera m'kope limenelo. Ndi mitengo imene ndidalipira ine, m'mudzi mwathu, chaka chimenecho. Mudzi wina mupeza ina, ndipo lero yakwera, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Poyamba ndidafuna thalakitala. Ndidati chitukuko chifike nafenso kwathu, anthu aone kuti mwana wa uje ali m'tauni. Mlongo wanga adandipezera mkulu wina amene amabwereketsa thalakitala yake. Pafoni mkuluyo adati K70,000 pa ekala, theka lake ndiyambe ndapereka. Amayi kuyambira kalekale amati munda wawo ndi maekala awiri, ndiye ine ndidangotumiza K70,000 pafoni, yotsalayo ndikapereke ntchito ikatha.

Sabata zitatu zidadutsa, thalakitala osaoneka. Lero ati tayala laphulika, mawa ati dizilo wasowa. Za dizilozo sanali bodza lokhalokha, inunso mukukumbuka mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta kumapeto kwa 2024. Tsiku limene idabwera ndidatseka benchi yanga n'kukwera minibasi ya ku Migowi kuti ndikaone ndi maso.

Dalaivala, mnyamata wa chipewa chamafuta okhaokha, adalima chigawo chakumunsi bwinobwino. Atafika chakumtunda adazimitsa injini n'kutsika.

"Mayi, uku sindilowako. Mukufuna bwana akandichotse ntchito?"

"Bwanji achimwene, si munda womwewu?"

"Taonani miyalayo. Chimbale chimodzi cha pulawo chikasweka, ndalama yanu yonseyi siigula china."

Pamenepo sindidatsutse. Aliyense wa ku Michesi amaidziwa miyala imeneyo. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phirimo ndi madzi, matope ndi zimiyala zazikulu ngati nyumba, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabweranso n'kukwirira minda yambiri ya m'boma la Phalombe ndi mchenga ndi miyala. Khasu limaizemba miyalayo, chitsulo cha thalakitala sichiona.

Mkangano udabuka pa ndalama. Mnyamatayo adati ndimupatse K70,000 yotsala poti tidapangana maekala awiri. Apa m'pamene malume anga, amene adagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje, adadzuka pamthunzi pomwe adakhala.

"Iwe mphwanga, ekala si mawu apakamwa. Tiyeni tiyese."

Ekala imodzi ndi mapazi aakulu 70 m'litali ndi 70 m'lifupi, pafupifupi mamita 64 mbali iliyonse. Hekitala ndi maekala awiri ndi theka. Malume adayenda akuwerenga mokweza, dalaivala ali pambuyo pawo. Munda wonse wa amayi, umene takhala tikuutcha maekala awiri kuyambira ndili mwana, udapezeka kuti ndi mapazi 70 kwa 105, kutanthauza ekala imodzi ndi theka. Pamene thalakitala idalima padali 70 kwa 70, ekala imodzi ndendende. Ndiye kuti K70,000 ndidatumiza ija idali itakwanira kale. Mnyamatayo adakanda m'mutu, n'kupempha K10,000 "ya mafuta a panjira". Ndidamupatsa, poti mlendo sathamangitsidwa chimanjamanja, komanso mwina chaka china ndidzamufunanso.

Musaganize kuti mwini thalakitalayo ndi wakuba ayi. Dalaivala yemweyo adandiuza kuti pogalauza amathira malita pafupifupi 8 pa ekala, nthaka ikalimba amapitirira. Mu Novembala 2023, Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dizilo adafika pa K2,734 lita imodzi. Werengani nokha: malita 8 ndi K21,872, mafuta okha, tisanawerenge ulendo wochokera kumene thalakitala imagona, malipiro a dalaivala, oyilo, matayala ndi zitsulo zimene zimagulidwa kunja ndi madola. Ndiponso minda yathu ndi tizigawo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 429,000 m'boma la Phalombe, ndipo mabanja ambiri munda wawo sukwana hekitala. Thalakitala imataya nthawi ndi mafuta potembenuka m'kamunda kakang'ono, n'chifukwa chake eni ake amathamangira kwa mlimi wa maekala 20, ife a ekala imodzi n'kumatiuza za tayala lophulika.

Chimene sindidadziwe, ndipo ndikufuna inu muchidziwe musanatumize ndalama, n'chakuti mtengo wa thalakitala uja ndi wogalauza basi. Imasiya zibuma. Kuphwanya zibuma ndi mtengo wina, kuunga mizere ndi mtengo winanso, ndipo amene adabwera kwathuyo chitsulo choungira mizere adalibe. Ng'ombe zolimira kwathu n'zosowa, si ngati ku Mzimba kapena ku Kasungu. Mapeto ake ndidabwerera kwa aganyu omwe aja ndinkafuna kuwathawa.

Ganyu kwathu satchaja pa tsiku. Amatchaja pa mzere kapena pa ndime. Pa ndime, mwini munda amaloza kuti kuyambira pamtengo wa mangowo kukafika pachulu apo, mukambirane mtengo. Pa mzere m'posavuta kuwerenga. Alangizi a zaulimi masiku ano amati mizere italikirane masentimita 75, osati 90 ngati kale. Pa ekala ya mamita 64, imeneyo ndi mizere 85. Pa 90 ikadakhala 71. Mwaona, langizo la alangizi lokha limawonjezera mizere 14 yoti mulipire, ngakhale kuti chimanganso chimachuluka.

Pomwe thalakitala idagalauza, nthaka yofewa, tidagwirizana K300 pa mzere, yonse K25,500. Kumtunda kwa miyala kuja aganyu adakana K300, tidathera pa K500, kuwonjezera kusosa. Tsono tiyerekeze ekala ndi ekala. Ya thalakitala: K70,000, kuphatikiza K10,000, kuphatikiza K25,500, yonse K105,500. Ekala yomweyo ikadalimidwa ndi khasu lokha: kusosa K15,000, mizere 85 pa K500 ndi K42,500, yonse K57,500. Thalakitala idandidyera pafupifupi kawiri. Ubwino wake ndidauona ndithu: idaswa chidindo cholimba chija chimakhala pansi pa mizere yakale, madzi amalowa bwino ndipo mizu imapita pansi. Koma kuti chaka ndi chaka ndiziitana, benchi yanga ya nyemba singakwanitse.

Ena mufunsa kuti nanga mathalakitala a boma, aja amati alimi azibwereka motchipa ku maofesi a zaulimi, ali kuti? Nkhani yake mudaimva. Boma lidakongola ndalama zokwana madola 50 miliyoni ku banki ya Exim ya ku India, ndipo mwa zina lidagula mathalakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144. Mu 2016 Ombudsman wa nthawiyo Martha Chizuma adatulutsa lipoti loonetsa kuti ambiri mwa makinawo adagulitsidwa motchipa, ena kwa andale ndi akuluakulu a m'boma. Mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi Ombudsman, ndipo akuluakulu ena adalamulidwa kupepesa kwa Amalawi. Kupepesako tidakumva, koma ngongoleyo ndi ya tonsefe, inu ndi ine amene timadula tikiti mumsika tsiku lililonse, pamene amayi anga akudikira thalakitala ya munthu wamba sabata zitatu.

Ntchito ya m'munda siithera pa mizere. M'kope mwanga, pa ekala, kubzala ndidalipira K10,000, kupalira K30,000, kubandira K30,000. Mukaphatikiza ndi K57,500 ija ya khasu, ekala imodzi yadya K127,500 chimanga chisanamasule n'komwe. Mu 2024 boma lidaika mtengo wogulira chimanga kwa mlimi pa K650 pa kilo, kutanthauza K32,500 thumba la makilo 50. Ndiye kuti matumba anayi oyamba ndi a aganyu. Feteleza sitinawerenge, mbewu sitinawerenge, kukolola, kututa, kutonola ndi matumba omwe sitinawerenge. Amene adapeza feteleza wotsika mtengo wa AIP adalipira K15,000 pa thumba chaka chimenecho. Dzina la amayi silidatuluke, ndiye ndidagula wa m'sitolo, mtengo wake sindikufuna kuukumbuka.

Pofika apa mwina mukuti aganyu ndiwo akutidyera. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka mu Januwale 2025, pamene ndidapitanso kukaona kupalira. Mwa aganyu anayi amene mlongo wanga adapeza, mmodzi adali mayi amene tidaphunzira limodzi ku pulaimale. Adali ndi mwana kumbuyo. Titapatsana moni adayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu:

"Asisi, ine ndalama ayi. Ngati muli ndi chimanga, mundipatseko chomwecho. Kaya ndi madeya, ndilandira."

Ndidamufunsa za munda wake. Adati udzu wafika m'mawondo. Amadzuka m'bandakucha kukapalira kwa anthu kuti ana adye tsikulo, akamabwerera dzuwa lili paliwombo mphamvu zatha. Kunyumba kwake amadya kalongonda ndi mango owiritsa. Chimanga chake chikapanda kupaliridwa pa nthawi yake sichibereka, ndiye chaka chamawa adzakhalanso pa ganyu mwezi womwewo, m'munda wa munthu wina.

Usiku umenewo ndidatenga kope langa n'kuwerengera mbali yake. Mwamuna wamphamvu amaunga mizere isanu ndi iwiri ya mamita 64 asanaweruke. Pa K500 ndi K3,500. Mu Febuluwale 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, omwe ndi K3,461 pa tsiku. Ndiye wamphamvuyo amangofika pamzere wa boma, thukuta lili chuchuchu. Mayi wa mwana kumbuyo amatha mizere inayi, K2,000. Ku Migowi nthawi imene tinkaunga mizere chimanga ndidachipeza pa K800 pa kilo, ndiye thukuta la tsiku lonse lidali makilo awiri ndi theka. Pofika Januwale chimanga chidali chitakweranso. N'chifukwa chake mnzanga uja adakana ndalama. Ndalama imasungunuka m'manja, mbale ya chimanga siisintha.

Agogo athu Alomwe amene adachokera ku Mozambique ankasimba za thangata, kugwira ntchito m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo pofuna kulipira malo okhala, munda wako uli kufa ndi udzu. Thangata idatha m'ma 1960. Koma nditamuona mayi uja akuwerama m'munda wa amayi anga, wake uli thengo, ndidadzifunsa kuti kodi mzungu wa lero si ine, wa benchi ya nyemba ku Limbe?

Ndidamupatsa ndowa ya chimanga pa ntchito imene tidapangana theka la ndowa, n'kumuuza kuti masiku awiri otsatira asabwere, akapalire kwake. Mlongo wanga adadandaula kuti ndikuwononga mitengo m'mudzi, anthu ena aziti nafenso tipatseni choncho. Mwina akunena zoona. Ine ndidangoti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tsono anzanga, amene mukukonzekera kutumiza ndalama kumudzi, imvani izi. Yesani munda ndi mapazi musanapangane mtengo, ngakhale amayi anu atalumbira kuti ndi maekala awiri. Wa thalakitala mufunseni kuti mtengowo ndi wogalauza kokha kapena ndi mizere yomwe, komanso mafuta a panjira alipira ndani. Musapereke ndalama yonse makina asanalowe m'munda. Ngati minda yanu yagundizana ndi ya anansi, sonkhanani anthu asanu kapena khumi muitane thalakitala tsiku limodzi, mwini wake sazengereza ndipo mtengo umakambika. Aganyu panganani nawo pa mzere, muwerengere limodzi, ndipo muwalipire tsiku lomwelo, poti amene wabwera pa ganyu mu Januwale kunyumba kwake sikunafuke utsi.

Nandolo wa ku Phalombe akadzafika pa benchi yanu, kapena mukadzapita nokha ku Migowi ndi sikelo yanu kukapikula, mudzakumbukire mizere 85 ija musanayambe kunenerera. Ine sikelo yanga ndidakaikonzetsa.