Dzina Ndi Lathu, Nanga Mwini Wake Ndani?

Mvula ikayandikira, ambiri a ife timapita kusitolo ya zaulimi ndi kuchula dzina la mbeu imene tinaizolowera. Dzinalo timalikhulupirira monga mnansi wakale. Komatu maina ambiri amene timawayesa a kwathu kuno, eni ake tsopano ali kutsidya la nyanja.

Kampani ya mbeu ya MRI inayambira m'Zambia muno, ndipo cimanga cake cinakonzedwa poganizira nthaka ndi mvula yathu. M'caka ca 2013 inagulidwa ndi Syngenta ya ku Switzerland, ndipo mu 2017 Syngenta nayonso inagulidwa ndi ChemChina ya ku China. Shuga wa Whitespoon amacokera ku nzimbe za ku Nakambala, ku Mazabuka, koma gawo lalikulu la Zambia Sugar lili m'manja mwa Illovo, imene mwini wake ndi Associated British Foods ya ku Britain. Nayonso simenti ya Chilanga, imene timamangira makola, gawo lake lalikulu linagulidwa ndi Huaxin ya ku China mu 2021.

Sitikunena kuti zonsezi n'zoipa. Makampaniwa amalemba nchito abale athu, amagula nzimbe kwa alimi ang'onoang'ono monga a ku Kaleya, ndipo haibridi ikalandira fataleza wokwanira imabereka ndithu. Koma kampani imamvera eni ake, osati mlimi. Komanso haibridi ikabzalidwanso kucokera m'nkhokwe, zokolola zimatsika. Motero caka ndi caka timabwerera kusitolo, mtengo utakwera kapena ayi. Mlimi wopanda mbeu yakeyake, ndalama zikamucedwera, mvula yoyamba imamupitirira.

Cotero tikulimbikitsa ophunzira athu, atsopano ndi akale omwe, kuti agule haibridi mwanzeru, makamaka pamodzi kudzera m'kopaletivu, koma asataye mbeu ya makolo. Tipatule ndime ya cimanga ca Gankata kutali ndi munda wa haibridi, kuti mungu usasakanikirane. Pokolola tisankhe zisononkho zodzaza bwino za pakati pa ndimeyo, tiziumitse, ndipo mbeuyo tiisunge m'cotengera cotsekeka kuti anankafumbwe asalowe. Ticite cimodzimodzi ndi nshawa za Chalimbana, nyemba ndi mapira.

Mulungu anatiika kukhala akapitao a nthaka. Dzina la pathumba likhoza kugulitsidwa ife osafunsidwa, koma mbeu imene tasunga tokha palibe angaigulitse ife osavomera.