Kutulutsa Utoto wa m'Masamba a Mitengo ya Mankhwala

Tsamba la chammwamba kapena la nimu limabiriwira chifukwa cha utoto wotchedwa chlorophyll, umene umagwira kuwala kwa dzuwa kuti mtengo upange chakudya chake. M'kubiriwira komweko mumabisala utoto wina wachikasu, wa mtundu wa carotenoid. M'gulu limeneli muli beta-carotene, amene thupi la munthu limamsandutsa vitamini A.

Utoto wa mitundu iwiriyi susungunuka m'madzi, choncho ofufuza amautulutsa ndi zosungunulira monga acetone kapena ethanol. Njira yodziwika kwambiri ndi imene Daniel Arnon anaifalitsa m'chaka cha 1949, yosakaniza magawo 80 a acetone ndi magawo 20 a madzi. Masamba amayamba ayesedwa pa sikelo, mwachitsanzo theka la galamu, kenaka amasinjidwa m'kamtondo pamodzi ndi timchenga toyera kuti anyenyeke bwino. Amathiramo acetone wozizira, nasefa, nabwereza kutero kufikira zotsalira zitatuwa. Madzi obiriwira amene atulukawo amayesedwa m'makina otchedwa spectrophotometer pa 663 nm ndi 645 nm, ndipo ndi manambala opezekawo amawerengera kuchuluka kwa chlorophyll a ndi chlorophyll b.

Ntchitoyi imafuna changu ndi malo a mthunzi, pakuti chlorophyll sachedwa kuwonongeka. Adani ake ndi kuwala, kutentha ndi asidi. Pakati pa utotowu pali magnesium. Asidi akamchotsa, kubiriwira kumasanduka mtundu wothimbirira wotchedwa pheophytin. Masamba ena ali ndi asidi wawo amene amatuluka posinja, n'chifukwa chake ofufuza amawazamo kaufa pang'ono ka calcium carbonate. Amayi amene amathira chidulo m'ndiwo zamasamba amaona zofananazo: ndiwozo sizitaya kubiriwira, ngakhale kuti chidulocho chimaononga mavitamini ena.

Phindu la zonsezi kwa mlimi lili pa kaumitsidwe ka masamba. Mlangizi atatenga masamba a chammwamba a mtengo umodzi, ena oyanikidwa padzuwa ndi ena oumitsidwa mumthunzi mopita mphepo, n'kuwatumiza kumalo a kafukufuku, oyanikidwa padzuwa amapezeka ndi utoto wochepa. Carotene nayenso amakhala atachepa, ndipo ameneyu ndiye wofunika kwa ana opatsidwa ufa wa chammwamba m'phala. Kubiriwira pakokha si umboni wakuti tsamba lili ndi mphamvu yochiritsa, koma kumasonyeza ngati linasamalidwa bwino chithyoledwere. Alimi aumitse masamba pa thandala mumthunzi, ndipo ufa wake ausunge m'chotengera chotseka bwino, chosalowa kuwala.

Acetone ndi ethanol zimayaka msanga, motero zisayandikire moto, ndipo m'chipindamo mazenera akhale otsegula. Madzi obiriwirawo ndi oyesera basi, osati akumwa kapena kudzola. Methanol, amene ofufuza ena amamgwiritsa ntchito, ndi poizoni wochititsa khungu ngakhale imfa.