Mawu amene amatsitsa ndege ku Lumbadzi

Mukafunsa ana a Fomu 1 kuno ku Mitundu chimene akufuna kudzakhala, mayankho ake ndi omwe aja: namwino, msilikali, dokotala, mlangizi wa zaulimi poti Bunda ili pakhomo. Sipalephera mmodzi woti adzakhala woyendetsa ndege, anzake n'kumuseka. Koma chiyambireni kuphunzitsa masamu sindinamvepo mwana akuti akufuna kukhala wowongolera ndege ali pansi. Angaitchule bwanji ntchito yoti sanaimvepo? Komatu pa ntchito ziwirizi, imene mwana wa mlimi wa fodya ndi mtedza angaifikire popanda bambo ake kugulitsa munda ndi yachiwiriyi. Uyendetsi wa ndege ambiri amakaphunzira kunja ndi ndalama zam'thumba, pamene wowongolera kawirikawiri amaphunzitsidwa ndi amene amulemba ntchito.

Ndege zochokera ku Blantyre ndi ku Johannesburg popita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimadzera kummwera kuno. Amene mumathirira dimba ku Nathenje mwina mwaionapo ina ikudutsa itayamba kale kutsika. Dziwani kuti sinatsike mwa kufuna kwake. Pali munthu wina pansi amene wamuuza woyendetsayo pa wailesi kuti tsikani mpaka apa, khoterani uku, chepetsani liwiro, mnzanu ali patsogolo. Wapolisi wa pamsewu pa Nathenje zikamuchulukira amangokweza dzanja, minibasi zonse n'kuima. Ndege siima m'mwamba. Ukachedwa kuganiza iyo ikubwerabe, ndipo mafuta akutha.

Ntchitoyi ili m'magawo. Amene amaonekera ndi wa pansanja ija ya magalasi. Iye amayang'anira msewu woterapo ndege, ndipo palibe ndege, galimoto yozimitsa moto kapena munthu wotchetcha udzu angapondepo iye asanalole. Wina amalandira ndege zoyandikira bwalo n'kuziika pamzere. Wina amayang'anira zapamwamba kwambiri, kuphatikizapo zongodutsa m'mlengalenga mwa Malawi, zija timangoona mzere woyera osamva n'phokoso lomwe.

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, poti kumwamba kulibe msewu, sizigundana bwanji?" Misewu iliko, kungoti ili pamapu. Komanso ndege ziwiri zodutsana pamwambapo zimasiyanitsidwa ndi mapazi 1,000, omwe ndi mamita pafupifupi 300. Zolowera chakummawa zimayenda pa mapazi 33,000, 35,000 kapena 37,000, zolowera chakumadzulo pa 34,000, 36,000 kapena 38,000. Ndinamulembera samu pabolodi. Ndege yothamanga makilomita 840 pa ola imatha makilomita 14 pa mphindi imodzi. Kuchoka pa Mitundu kukafika m'tauni mphindi zitatu sizikwana. Ziwiri zikayang'anizana, mpata wa pakati pawo umachepa ndi makilomita 28 pa mphindi. Zikatalikirana makilomita 140, zatsala ndi mphindi zingati? Anayankha kuti zisanu ndisanamalize kufufuta choko m'manja. Masamu a ntchitoyi ndi otero: osazama kwenikweni, koma am'mutu, achangu, munthu wina akukulankhula kukhutu. Ku Lumbadzi kuli makina a radar amene anabwera ndi thandizo la dziko la Japan, koma makina amafa, magetsi amathima, ndipo wowongolera amaphunzitsidwa kusunga chithunzi cha ndege zonse m'mutu, pongodalira nthawi, liwiro ndi zimene oyendetsa akumuuza.

Pamene ana athu a kumudzi amagwera si pa masamu ayi. Ndi pa Chingerezi cholankhula. Tili ndi ana okhoza galamala papepala, koma kuwaimika kuti afotokoze njira yochokera kusukulu kukafika kumsika, thukuta kamukamu, mawu osatuluka. Pa wailesi ya ndege palibe kulemba kapena kuloza ndi chala. Bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal, linaika magiredi asanu ndi limodzi a kalankhulidwe ka Chingerezi, ndipo wowongolera ndege za maiko osiyanasiyana ayenera kufika giredi 4 kapena kuposa. Safuna Chingerezi chodzikometsera, cha mawu ataliatali ngati cha pamsonkhano. Amafuna chachifupi, chomveka, choti woyendetsa wa ku Ethiopia ndi wa ku Kenya amve chinthu chimodzi. Zilembo zili ndi maina ake: A ndi Alfa, B ndi Bravo, ndipo ndege za kuno, zomwe nambala yake imayamba ndi 7Q, amaziitana kuti Seven Quebec. Lamulo lililonse lofunika woyendetsa amalibwereza, wowongolera n'kumvetsera ngati walibwereza molondola.

Kukhwimitsa konseku kuli ndi pochokera. Pa 27 Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pa msewu wonyamukira kuli chifunga, anthu 583 n'kufa. Woyendetsa mmodzi anayamba kuthamanga poganiza kuti waloledwa kunyamuka, pamene inzake inali isanachoke mumsewumo. Kusamvana pa wailesi kunali pakati penipeni pa ngoziyo, ndipo pambuyo pake mawu ogwiritsa ntchito anakonzedwanso kuti chilolezo chonyamukira chisafanane ndi mawu ena alionse.

Thupi nalo limayesedwa. Malamulo a ICAO amati laisensi ya ntchitoyi sapatsa munthu wosakwana zaka 21, ndipo ayenera kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka: maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi. Kupimidwaku kumabwerezedwa nthawi yonse imene munthu ali pa ntchito. Wosasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira zimamuvuta, chifukwa wailesi ya ndege ikafa, wa pansanja amalankhula nayo ndi nyali za mitundu. Anyamata a chamba ndi kachasu, apa ndiye musadzivutitse.

Sukulu yake ilipo konkuno, School of Aviation, ku bwalo la Kamuzu komweko. Maphunziro ena apamwamba anthu amakachitira ku East African School of Aviation ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Amaphunzira malamulo a ndege, zanyengo, mapu, mitundu ya ndege ndi mphamvu zake, kenako amalowa m'chipinda choyeserera momwe aphunzitsi amawaunjikira ndege zabodza mpaka mutu kuima. Wophunzira akakhoza samusiya yekha. Amagwira miyezi yosachepera itatu pa ndege zenizeni, katswiri ali pambali ndi wailesi yakeyake, wokonzeka kulanda mawu. Ndipo chilolezo chimayendera malo: wozolowera ku Lumbadzi akasamukira ku Chileka ayenera kuphunziranso bwalolo, mapiri ake ndi njira zake. Ngakhale wotchi yawo ndi ina. Amayendera nthawi imodzi ya dziko lonse, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu.

Chimene sukulu singakupatse ndi mtima. Woyendetsa akanena kuti Mayday, kusonyeza kuti moyo uli pachiswe, mawu a wowongolera asasinthe, asanjenjemere. Amalawi tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali yonyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa ulendo wa ku Mzuzu, kuli nyengo yoipa. Ndege ikasiya kuyankha, woyamba kudziwa amakhala munthu wa pa wailesiyo, ndipo ndi udindo wake kudziwitsa ofufuza kwinaku akutsogolerabe ndege zina. Ine mwana wopsa mtima msanga, kapena wobisa akalakwitsa samu, sindingamulimbikitse ntchito imeneyi ngakhale atakhoza bwanji.

Mipata yake ndi yochepa, ndipo zoyenereza zimalembedwa mu chilengezo cha ntchito cha oyang'anira za ndege m'dziko muno, choncho muziwerenga nyuzipepala ndi kumvera wailesi. Koma wokonzekera ayambe lero ndi Chingerezi, masamu, fizikisi ndi jogalafe, ndipo alowe kalabu ya mtsutso kuti pakamwa pamasuke. Atsikana musadzichotse, palibe chonyamula cholemera pansanja paja.

Kwa aphunzitsi aakulu a sukulu za ku Mitundu ndi ku Nathenje, pempho langa ndi ili: ulendo wa ana wa chaka chino, lemberani kalata akuluakulu a bwalo la Kamuzu, mupemphe kuti anawo akaone nsanja ndi kucheza ndi wowongolera ndege mmodzi. Ku Lumbadzi n'kopita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe.