Ngati munaocedwapo kansa, nenani musanalowe m'fiyeta

Kucokera mu 2007, pamene cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa pafupi ndi UTH mu Lusaka, anthu a ku Shikoswe, Zambia Compound ndi Kafue Estates amene analandirapo radiotherapy, imene ena amati kuoca kansa, aculuka. Ambiri ndi azimai, pakuti kansa ya khomo la cibelekero ndiyo ikutsogola m'dziko muno. Ena a iwo amadzafunika opaleshoni ina patapita zaka, ndipo sakumbukira kuuza wopereka mankhwala ogonetsa. Apa ndi pamene pali ngozi.

Zina mwa zimene tidziwa pa nkhaniyi tinaziphunzira ku mbewa zoyera ndi makoswe a mu labotale, osati mbewa zija zogulitsa pamseu wa ku Chipata. Kanyama kakaombedwa ndi mphamvu ya radiation thupi lonse, mafuta a m'mafupa amene apanga magazi amaonongeka, matumbo amacita zilonda, kamatsegula m'mimba, kamaleka kudya, madzi n'kucepa m'thupi. Kanyama kotere sikapirira mankhwala ogonetsa monga kanzake ka bwinobwino. Kupuma kumatsika ndipo thupi limazizira msanga, n'cifukwa cake ofufuza amakagoneka pa cinthu cofunda.

Munthu si mbewa, ndipo makina saoca thupi lonse koma malo odwala okha. Komabe malowo amasintha. Woocedwa pakhosi kapena m'kamwa, minofu imauma pang'onopang'ono, nsagwada zimakana kutseguka bwino, khosi silipindika. Tsono munthu akagonetsedwa, pamafunika kulowetsa kapaipi kopumira kukhosi m'mphindi zocepa cabe. Kapaipiko kakakana, palibe nthawi yoyamba kufunsa acibale panja. Wogonetsa akadziwiratu, amakonzeka ndi zida zina, kapena amaumitsa malo okhawo, kapenanso amamutumiza wodwala ku Lusaka, mtunda wosafika makilomita 50.

Woocedwa pacifuwa angakhale ndi zipsera m'mapapo kapena mtima wofooka, ngakhale patapita zaka khumi. Woocedwa m'ciuno kawirikawiri amacepa magazi, ndipo bala la opaleshoni pamalo amenewo limacedwa kupola.

Kunena zoona, vuto lina ndi manyazi. Amai ena sanauze ngakhale amuna ao za kansayo, ndiye aulule bwanji pamaso pa mlamu wowaperekeza? Pemphani kulankhula ndi wogonetsa muli awiri. M'zipatala za m'maboma nthawi zambiri amakhala clinical officer wophunzira nchito imeneyi, ndipo cinsinsi canu saloledwa kucitulutsa.

Muuzeni mbali ya thupi imene inaocedwa, caka cake, ndiponso ngati munalandira mankhwala a kansa a m'drip. Khadi la ku Cancer Diseases Hospital musalitaye mukamva kuti mwacira. Lisungeni pamodzi ndi registresheni yanu, ndipo mubwere nalo ngakhale mwabwera kudzacotsa dzino.