Galu wa Kumapiri Safuna Unyolo

Alimi a m'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi saweta galu kuti pakhomo pakongole ayi. Kumeneko anyani ndi nguluwe zimatha chimanga m'minda, ndipo afisi amazungulira makola a mbuzi usiku. Mu 2003 chilombo china, chimene ankachiganizira kuti ndi fisi wachiwewe, chinapha anthu atatu ku Dowa, anthu ambiri n'kuthawa m'midzi mwao. Galu wa kumeneko ndi wantchito: amayenda mtunda wautali ndi mbuye wake, kukwera ndi kutsika zitunda tsiku lonse.

Tsono m'bale wa ku Salima kapena ku Nkhotakota akapita kumapiriko kukagula chimanga n'kubwerako ndi kamwana ka galu wotere, adziwe chimene wasenza.

Chisilamu chimalola kusunga galu wosakira, wolondera ziweto kapena munda, ndipo masheikh ambiri amawonjezerapo kulondera nyumba. Koma galuyo asalowe m'nyumba. Malovu ake ndi najisi. Mbale imene wanyambita itsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Apa ambiri amalakwitsa. Poopa najisi amammangirira pamtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka usiku, padzuwa la kunyanja, wopanda madzi. Galu wozolowera kuthamanga akamangidwa chotero amasanduka waukali, ndipo tsiku lodula unyolo woyamba kulumidwa ndi mwana wopita ku madrasa. Kodi taiwala kuti Mtumiki (SAW) anatiuza za munthu amene anakhululukidwa machimo kaamba komwetsa madzi galu waludzu?

Galuyu amafuna munthu woyenda naye m'mawa ndi madzulo, ngakhale m'mwezi wa Ramadhani pamene thupi lafooka. Amafuna mgaiwa wakewake ndi kausipa, osati makombo okha. Nkhupakupa zichotsedwe. Katemera wa chiwewe abayidwe akakwanitsa miyezi 3, kenaka chaka chilichonse. Alangizi a ziweto alipo pa ntchito imeneyi. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika, choncho wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Galu wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 10 kapena kupitirira. Bambo amene amagona panyanja ndi chilimira, kapena akukonzekera ulendo wa ku Joni, ayambe wafunsa mayi a kunyumba ngati ntchitoyi aivomera, chifukwa idzatsalira iwo.